Anthu Amene Tinawabisa Kuseri kwa Tchalitchi

Ntchito yanga pa kachipatala kathu ka mishoni, kufupi ndi kwa Mongue, ndi kukolopa, kuchapa nsalu ndi kutunga madzi. Ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kuyambira patangopita nyengo pang'ono titabwerako ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Koma pali ntchito ina imene sinalembedwe papepala lililonse, ndipo pa imeneyo palibe wondiposa ine Laurinda. Ntchitoyo ndi kukonzekera alendo.

Tikamva kuti kukubwera akuluakulu a ku Quelimane kapena anthu a bungwe, ndimalawirira. Odikirira odwala onse, apongozi, azakhali, ana osiya bere chaka chatha, ndimawasamutsira kuseri kwa tchalitchi pamodzi ndi mphasa zawo, mapoto ndi mitolo ya nkhuni. Amayi ogona pansi ndimawapezera pena pobisala. Zitenje zimene amatsekera mazenera ndimazizula, mazenerawo n'kutsekula onse. Mlendo akalowa amapeza mabedi asanu ndi limodzi, amayi asanu ndi mmodzi, kamphepo kakuyenda bwinobwino. Amagwedeza mutu, amalemba m'buku lake, amapita. Galimoto isanafike n'komwe pa mlatho, anthu anga amakhala atabwerera, zitenje zili m'mazenera. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Palibe amene anandiphunzitsa zimenezi, ndipo sindinkaziona ngati bodza. Kwanu kukabwera mlendo, kodi simusesa?

M'mwezi wa Malichi namondwe wa Freddy anasasula denga la nyumba ya amayi oyembekezera n'kugwetsa khoma limodzi. Tinasamutsira amayi m'chipinda chakale cha katekisimu, chimene nachonso khoma lake linang'ambika moti nkhuku inkatha kusuzumira. Aliyense ankadziwa kuti chipindacho sichingapirire dzinja lina. Bungwe lina linavomera kutimangira nyumba yatsopano, ndipo a Jordão, mmisiri wa pamishoni, anayamba kuumba njerwa kalata isanafike n'komwe.

Mu Juni tinauzidwa kuti kukubwera enjinyera wa bungwelo kudzaona mmene timakhalira. Ndinachita zanga zija, ndipo tsiku limenelo ndinachita kudziposa. Chitseko cha galimoto chitatseguka ndinangoti kukamwa yasa. Anali Dina, mwana wa malemu mlongo wanga Cipriano, yemwe anabadwira ku msasa ndipo ndinamubereka ndekha kumbuyo podutsa pa malire a Muloza pobwerera kwathu. Anaphunzira ku Maputo, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri tinkangomvana pa foni. Ndinalulutira mpaka abambo mfumu anatuluka mu ofesi. Tsiku lonse mwanayo anakhala pa mpando m'chipinda cha amayi, kabuku m'manja, akuwerenga anthu ndi kuyang'ana mazenera. Ine ndinkangodutsadutsa ndi chokolopera, mtima uli mbee, kunyadira ukhondo wanga.

Anabweranso mu Ogasiti, tsiku Lachiwiri, atanyamula kompyuta. Anatiitanira mu ofesi ine ndi a Guilhermina, anamwino aakulu a pachipatalapo.

"Nyumba yanu ndaimanga kale, ili umu," anatero akutembenuzira kompyuta kwa ife.

Tinaona kanyumba kozungulirazungulira pagalasi, kogawidwa m'zigawo zinayi zobiriwira.

"Ichi ndi chipinda choberekera, ichi chogona amayi ndi makanda, ichi cha mankhwala, ili ndi khonde. Chigawo chilichonse ndimachiuza kuti mumakhala anthu angati, mazenera amatsekulidwa nthawi yanji, dzuwa limamenya khoma liti. Kenako makinawa amayendetsa chaka chathunthu, ola ndi ola, n'kundiuza kuti chipinda chilichonse chizitentha bwanji ndiponso magetsi azifunika ochuluka bwanji."

"Nanga anthu akulowamo bwanji m'nkhani ya kutentha?" anafunsa a Guilhermina.

"Munthu aliyense ndi kambaula, anamwino. Ngakhale atangokhala phee, thupi lake limatenthetsa chipinda. Anthu khumi m'chipinda chotseka ndi moto ndithu."

Anatiuza kuti bungwelo lili ndi malamulo awiri amene silisintha. Loyamba, nyumba isadye magetsi oposa amene masola a padenga lake angapereke. Lachiwiri, m'chipinda chogona amayi musatenthe kupyola muyezo wawo. Ku Maputo kunali bambo wina dzina lake Jorge, amene ntchito yake inali kufufuza masamu onsewo. Akakhutira, ntchito iyamba mwezi womwewo. Akapanda kukhutira, kapena mapepala akafika Lachisanu litadutsa, nkhani yathu idikira msonkhano wa chaka chamawa.

"Koma musade nkhawa," anatero Dina akumwetulira. "Zonse zabiriwira. Makina oziziritsa mpweya ndaika amodzi okha, m'chipinda cha mankhwala. Kwa amayi sikufunika, chifukwa ndaikamo zimene ndinaona ndi maso anga mu Juni. Amayi asanu ndi mmodzi, makanda asanu ndi mmodzi, namwino mmodzi, mazenera otsekula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mphepo yokha ikukwanira."

Ndinayang'ana a Guilhermina, iwo n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma ngati aiona koyamba.

Dina atatuluka kukaona njerwa za a Jordão, anamwinowo anatseka chitseko.

"Laurinda, ndakuona nkhope. Usayerekeze."

"Koma mwamva nokha. Nyumba ikumangidwira anthu khumi ndi atatu ndi mazenera otsekula. Ndi liti pamene munaona zenera lotsekula muno mlendo kulibe?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tilandire kaye nyumba, zinazo tidzaona. Ukatsegula pakamwa, projetu yomanga nyumbayi ithawa, ndipo khoma lija likadzagwera munthu mu Januwale udzayankha ndiwe."

Sanali kulakwa a Guilhermina, ndipo n'chimene chinandipweteka. Ndi mayi amene wabereketsa theka la anthu a dera lino, ena pa nyali ya foni, ndipo sindinamuonepo akudziganizira yekha. Koma inenso ndinali ndi zanga zimene ndinkadziwa. Nyumba yakale ija, ya malata otsika, mwezi wa Okutobala inkasanduka ng'anjo. Ndinkathira madzi pansi ndowa zisanu ndi imodzi patsiku kuti muzizireko. Ndinaona makanda atatuluka nsungu thupi lonse, akukana bere, amayi akukomoka ponyamuka pabedi. Nyumba imeneyo anaimanganso anthu abwino, amene anabwera tsiku limodzi n'kupeza zonse zili bwino. Tsopano mwana wa mlongo wanga anali kumanga inzake ya zaka makumi anayi zikubwerazo, ndipo maziko ake anali tsache langa.

Lachitatu Dina anakakhala mu ofesi ya parishi, kumene kuli magetsi a sola, kuti amalize mapepala. Kuchipatala sitinamuyembekezere, choncho palibe amene anabisa kanthu. Ndinakolopa khonde kawiri, ndinachapa nsalu zimene zinali zochapa kale, mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako ndinaponya chokolopera m'ndowa n'kupita kukamutenga.

"Tiye ukaone chinthu. Kabuku kako kaja utenge."

"Kwagwanji, azakhali?"

"Tiye basi, ndisanasinthe maganizo."

Tinadzera njira ya kumunda kuti odikirira asatione. Nditakankha chitseko cha chipinda cha amayi, mpweya wotentha unatimenya kumaso, wonunkha phala, thukuta ndi matewera. Munali mdima masana. Zenera lililonse linali lotseka, chitenje chili pamwamba pake, timipata tonse atatsekamo nsanza. Pansi panalibe popondapo. Wina ankapeta nandolo pakati pa mabedi, wina anali ndi mbaula pakona akutenthetsa madzi, ana awiri ankalimbirana chisononkho pansi pa bedi. Odikirira atationa anayamba kugwiragwira mphasa kuti athawire kuseri kwa tchalitchi monga mwa masiku onse.

"Khalani!" ndinatero. "Lero palibe wothawa."

Dina anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako anatsegula kabuku n'kuyamba kuwerenga, milomo yokha ikuyenda. Amayi asanu ndi anayi, atatu mwa iwo ogona pansi. Makanda asanu ndi awiri. Odikirira khumi ndi atatu. Ana anayi. Onse pamodzi makumi atatu ndi atatu, osawerengera mbaula.

Titatuluka anandiyang'ana ndi maso a bambo ake enieni.

"Azakhali, mpaka kundinamiza ine?"

"Sindinanamize iwe, mwananga. Ndinanamiza galimoto. Ndikanadziwa bwanji kuti mutuluka iwe?"

"Nanga nditatuluka?"

Ndinamuuza zonse, za tchalitchi, za zitenje, za zaka zonsezo. Manyazi anandigwira kwambiri, koma ndikunena zoona, mawu omaliza atatuluka ndinapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni zaziwisi. Zimene zikanatsatira zikanatsatira, koma zinali zitachoka pamutu panga ndekha.

Ndinamutsatira ku ofesi ya parishi ngakhale sanandiitane. Anasintha manambala, anauza kompyuta kuti mazenera ndi otseka, n'kudina. Tinadikira mphindi zingapo, kanthu kakuzungulira pagalasi. Chipinda cha amayi chinatuluka chofiira ngati tsabola, kuyambira Sepitembala mpaka Epulo.

"Ikamo makina oziziritsa aja," ndinatero. "Si alipo?"

Anaikamo. Chipindacho chinabiriwira, koma pansi pake panatuluka mzere wina wofiira.

"Onani. Makina oziziritsira anthu makumi atatu akudya magetsi kuwirikiza kawiri amene masola angapereke. Mabatire azitha dzuwa likangopendeka, firiji ya katemera n'kuzima. A Jorge sangavomere, ndipo akhala akulondola."

"Ndiye titani?"

"Sindikudziwa, azakhali."

Ine mtima unayamba kundiuza kuti a Guilhermina aja ananena zoona, kuti ndaphera anthu nyumba chifukwa cha pakamwa panga.

"Zakale zija, zobiriwira zija, unafufuta?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Zilipo. Koma dzulo zinali zolakwika chabe. Ndikazitumiza lero ndikudziwa, wabodza ndikhala ine."

A Guilhermina anamva nkhaniyo dzuwa lisanalowe, poti pachipatala chinsinsi sichigona. Sanandikalipire. Anangosiya kundiona. Ankandidutsa ngati ndine mtondo wa pabwalo, ndipo ndikanakonda akanandilalatira.

Lachinayi m'mawa Dina anandipeza pa mjigo.

"Azakhali, n'chifukwa chiyani amatseka mazenera?"

"Mphepo."

"Mphepo yatani?"

Ndinatsegula pakamwa n'kupeza kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuzula zitenje osafunsapo bwinobwino. Ndinamuuza kuti akafunse eni ake, ndipo ndinamutengera kwa a Verónica. Mayi ameneyu amagulitsa usipa ndi kaunjika pa malire, ali ndi mawu omveka tsidya lina la msika, ndipo anali atabwera kudzadikirira mkazi wa mwana wake. M'masiku anayi okha anali atakhala kale mfumu ya chipindacho. Tinamupeza akutsuka mapoto, ndipo sanaimirire.

"Ndinu amene mukufuna kutitsekulira mazenera?" anafunsa.

"Ayi, mayi. Ndikufuna kudziwa chifukwa chake mumatseka."

"Mwana wa masiku awiri, mchombo usanagwe, liwombo lili phwaphwa, mukufuna mphepo izimuwomba pamutu? Inu munabereka?"

"Sindinabereke."

"Zikuoneka. Chachiwiri, zenera lili m'chiuno mwa munthu, kunja kuli njira. Anyamata a njinga za kabaza amadutsa makosi atatalika. Mpongozi wanga aziyamwitsa anthu akuonerera ngati mpira?"

Amayi ena anaseka, wina n'kuponyapo mawu m'Chilomwe amene sindingawabwereze pano. Dina ankalemba.

"Nanga odikirira, n'chifukwa chiyani mumabwera awiri kapena atatu pa munthu mmodzi?"

"Ine ndikapita ku nkhuni, madzi amupatsa ndani? Chipatala chimaphika? Chimachapa?"

"Koma n'kofunika kuti muzikhala m'chipinda momwemo?"

A Verónica anaika poto pansi. "Mukuganiza kuti timakondwa kukhala mu uvuni umu? Tilibe pena. Ine ndingofuna ndizimuona ndi maso, akaitana ndizimva. Mukandiika kuseri kwa tchalitchi ngati amachitira awa," anandiloza ndi chikho, "ndibwerera ndithu."

"Kwanu mumatani? Mwana akabadwira kunyumba, simutentha m'chikuta?"

"Kwathu ndi nyumba yaudzu. Zenera mulibe, koma pakati pa khoma ndi denga pali mpata, mpweya umadzitulukira pamwamba. Mphepo yodutsa kumwamba sitikangana nayo ife. Yathu ndi yofika pa mwana."

Dina anasiya kulemba. "Ndiye nditaika mabowo pamwamba penipeni pa khoma, kupitirira chitseko, simungawatseke?"

"Ndikwere pa chiyani? Mwandiona ngati pusi?"

Mwanayo anathamanga, enjinyera wathunthu wa ku Maputo, nsapato zikumenya fumbi, mpaka ku ofesi ya parishi. Ine ndinatsalira kuti ndimalize kutunga, koma ndowa yachiwiri sindinaidzaze.

Nditafika ndinapeza akugwetsa makoma m'kompyuta. Zigawo zinayi zija zinakhala zisanu. Chachisanu chinali cha odikirira, khonde lalikulu kumbali yolowera dzuwa, lokhala ndi khoma lofika m'chifuwa, pophikira pake kumapeto, ndi makomo awiri oyang'ana m'chipinda cha amayi.

"Anthu khumi ndi asanu ndi awiri ndi mbaula yawo achoka m'chipinda, koma sanapite kutali," anatero. "Ndipo denga la khondeli likutchingira khoma dzuwa lamadzulo. Mbalame ziwiri ndi mwala umodzi."

Denga la chipinda cha amayi analikweza n'kuikamo siling'i. Pamwamba pa makoma awiri oyang'anana anaika mizere ya njerwa zamabowo zotchingidwa ndi sefa wa udzudzu, ndipo pamsonga pa denga anasiya potulukira mpweya wotentha, ndi kafani kamodzi kokoka. Mabedi anaika khumi. Mazenera anawakweza kuti wa panjinga asaone kanthu, koma kompyuta anaiuza kuti ndi otseka chaka chonse, usana ndi usiku.

"Bwanji osawauza kuti azitsekula?" ndinafunsa. "Tikhoza kulemba pakhoma."

"Mwakhala mukuwatsekulira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, azakhali. Zinatheka?"

Anaitanitsa a Jordão kuti aone ngati zimenezi n'zomangika ndi njerwa zimene anaumba. Bamboyo anayang'ana pagalasi atapendeketsa mutu, n'kunena kuti anamangapo mabalani a fodya ku maesiteti a ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo mpweya wotentha sanauonepo ukukana kukwera. Njerwa zamabowo anati aumba sabata imodzi, chikombole apanga okha.

Dina anadina. Tinadikira. Chipinda cha amayi chinatuluka chachikasu.

"Chikasu ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti tatsala pang'ono, koma a Jorge sadziwa mawu akuti pang'ono. Okutobala ndi Novembala akupyolabe muyezo."

Anakulitsa mabowo, chikasu. Anatalikitsa khonde, chikasu chomwecho. Ine ndinkangobweretsa tiyi ndi chinangwa chophika, poti pa masamu amenewo thandizo langa linali lomwelo. Dzuwa litapendeka ndinamulanda kompyuta n'kumutengera kunyumba, chifukwa maso ake anali atafiira ndipo anayamba kudina malo olakwika.

Lachisanu m'mawa tikupita, anaima panjira n'kuyang'ana denga la tchalitchi, limene malata ake anachita dzimbiri mpaka kuda. Kenako anafulumiza mwendo. Atafika anauza kompyuta kuti malata a nyumba yatsopano adzapakidwa penti yoyera, n'kuitembenuza nyumbayo pang'ono kuti mabowo aja ayang'ane kumene mphepo ya Okutobala imachokera. Kanthu kaja kanazungulira, kanazungulira, ine ndikupemphera Tikuoneni Maria chamumtima.

Zigawo zonse zisanu zinabiriwira. Mzere wa magetsi nawo unabiriwira, utatsala kachidutswa ngati chikhadabo kuti ufike pa malire.

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Dina anaseka, kenako analira pang'ono, kenako anandiuza kuti ndisasangalale msanga. Zimene a Jorge anaziona mu Julayi zinali nyumba ya zigawo zinayi ndi anthu khumi ndi atatu. Tsopano alandira ina, tsiku lomaliza, ndi kalata yonena kuti manambala oyamba anali olakwika. Munthu wotopa akhoza kungoti zonsezi tidzazione bwino chaka chamawa.

"Ulembe kuti ndine ndinalakwitsa," ndinatero. "Ulembe dzina langa lonse."

"Ndalemba kuti ndinawerenga anthu tsiku limene chipatala chinkayembekezera alendo. Kulakwa kumeneko n'kwanga. Enjinyera safunika kubwera pa galimoto yolembedwa dzina."

Anatumiza nthawi ya chakudya chamasana isanakwane.

Loweruka kunali zii. Lamulungu ku Misa a Guilhermina anakhala benchi lina, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere anandipatsa nsonga za zala. Lolemba kunachita mitambo ya chiperoni kuchokera kuphiri, kukuwaza pang'ono, ndipo ndinapita katatu kukayang'ana mng'alu wa khoma la katekisimu ngati kuti kuuyang'ana kuuletsa kukula. Chakudya sichinkatsika.

Lachiwiri masana tinali pabwalo kwathu, ine ndi Dina, tikusola nandolo. Foni inalira. Anaiyang'ana, anapukuta manja pa chitenje, n'kuima. Ankalankhula Chipwitikizi chothamanga cha ku Maputo chimene ine ndimangotolapo mawu amodziamodzi. Ndinamva "sim", inde wawo uja, ndinamvanso "sim", kenako anamvetsera nthawi yaitali, atandifulatira. Ndinafinya khoko la nandolo mpaka linandibaya.

Atatembenuka anali akuluma mlomo kuti asaseke.

"Yadutsa, azakhali. A Jordão ayambe kukumba Lolemba."

Sindinalulutire. Ndinkaganiza kuti ndidzalulutira, koma mawu sanabwere. Ndinangomva thupi lonse likumasuka, mapewa, msana, mpaka zala za kumapazi, ndipo njala ya masiku anayi inandigwira nthawi imodzi.

"Nanga ukusekanji?"

"A Jorge akuti ali ndi mapepala a zipatala zina ziwiri, china ku Majaua uko, china kutali kumpoto. Akuti atawerenga kalata yanga anakawatsegulanso. Konseko alemba mabedi asanu ndi limodzi, amayi asanu ndi mmodzi, mazenera otsekula. Akundipempha ndikawerengenso, ndipo akuti ndipite pa kabaza."

Ndinaseka mpaka lichero linagubuduka, nkhuku n'kuchita phwando. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati katswiri ndekha, osadziwa kuti chipatala chilichonse chili ndi Laurinda wake.

A Guilhermina ndinakawauza ndekha. Anali akubaya katemera, ndipo sanatembenuke mpaka atamaliza mwana amene anali m'manja. Kenako anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi mkono.

"Mabedi khumi?" anafunsa.

"Khumi."

"Ukanatiphetsa, Laurinda."

"Ndikudziwa."

"Tenga mpando uwo undigwirire ana awa, ukuona mzere."

Lolemba a Jordão anakhoma zikhomo ndi kukoka zingwe, Dina akuwatsatira ndi pepala. Anthu anabwera ndi makasu osaitanidwa. A Verónica, amene mpongozi wawo anali atatuluka kale, anabwerera dala kuchokera ku malire kudzaona pamene padzakhale khonde la odikirira. Analiyeza ndi mapazi n'kulamula kuti pophikira pasunthidwe chifukwa utsi uzidzalowa kwa makanda. Dina anayang'ana pepala lake, anayang'ana kumene mphepo inkachokera, n'kusuntha chikhomo.

Galimoto ya bungwe itabwera kudzamutenga, ndinamuperekeza atanyamula kathumba ka nandolo. Panali funso limene linkandivuta masiku onsewo, ndipo ndinalifunsa atagwira kale chitseko.

"Pa anthu ako aja a m'kompyuta, amayi, makanda, odikirira, anamwino. Wokolopa ndiye sawerengedwa?"

"Muli momwemo, azakhali. Ndinakuikani Lachinayi lomwe lija."

"M'chigawo chiti?"

"Zonse zisanu. Enawo ali ndi chigawo chimodzi aliyense, koma inu ndinachita kukugawani, chifukwa simukhala pansi. Ndipo munthu wogwira ntchito amatenthetsa nyumba kuposa wogona, ndiye ndinakuwerengerani ngati anthu awiri."

Galimoto inanyamuka. Ndinaima pamsewu mpaka fumbi linatha, kenako ndinabwerera kukatenga ndowa, poti okumba maziko anali atayamba kale kuitanitsa madzi.